Kusankha tip-up yowedzera pike pa ayezi

Nabanda: Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa zowedza pa ayezi. Mwezi wa March tikufuna kukawedza pike, nsomba yaikulu yodya zinzake, ku nyanja ya Lake of the Woods, mbali ya Minnesota ku America, ndiye ndiyenera kugula ma tip-up, zida zoika pabowo la pa ayezi zimene zimadzutsa mbendera nsomba ikadya nyambo. M'sitolo muli a thabwa lalitali, apulasitiki, ozungulira otseka bowo lonse, ndi ena oimirira a mitengo yopingasa. Mitengo yogulira ikusiyananso kwambiri. Oyenera pike wamkulu ndi ati, nanga ndigule angati?

aPhiri: Takulandirani achemwali. Funso lachiwirilo lamulo lakuyankhirani kale. Ku Minnesota munthu mmodzi amaloledwa zingwe 2 zokha pa ayezi, ndipo asatalikire tip-up yake kupitirira mafiti 200, omwe ndi mamita pafupifupi 60. Choncho paketi ya ma tip-up 5 otchipa ilibe phindu kwa inu. Ndalama yomweyo mugulire 2 abwino, ikatsalako muwonjezere yachitatu yongosunga kuti ina ikavuta musabwerere kunyumba.

Za mtundu wake, yang'anani kaye kumene kuli spool, kagudumu kokulungapo chingwe. Pa tip-up yoyenera kuzizira kwenikweni, spool imakhala m'madzi, pansi pa thabwa. Madzi a m'bowo saundana mpaka pansi, ndiye chingwe chimakhala chofewa tsiku lonse. Kuchoka pa spool pamakwera kachitsulo kodutsa m'kapaipi kodzaza girisi, ndipo pamwamba pake pali kachitsulo kopingasa kooneka ngati T. Mbendera ili pa sipuling'i, mumaipinda n'kuikoletsa pansi pa T uja. Nsomba ikakoka chingwe, spool imazungulira, T imazungulira nayo, mbendera n'kufwamphuka. Zonse zagona pa kapaipi kameneka. Kachitsulo kakamazungulira mosalala m'kati mwake kunja kuli madigiri -25 Celsius, tip-up ndi yabwino, kaya ndi yathabwa kaya yapulasitiki. Kakamalimba, pike amamva kukoka n'kulavula nyambo mbendera isanadzuke n'komwe.

Nankhoma: Ndikugwirizana ndi aPhiri. Mukakhala m'sitolo, iimikeni tip-up, muzungulize spool ndi chala chimodzi. Isagwedere uku ndi uku, chifukwa kugwedera kumasonyeza kuti kachitsulo kapindika, ndipo kopindika kamakhula paipi malo amodzi n'kumakakamira. Mukafika nayo kunyumba, igonekeni mufiriza usiku wonse, pamene pamazizira pafupifupi -18, m'mawa muizungulizenso. Ikalimba, girisi wake ndi wosayenera. Ibwezeni kapena musinthe girisi musanapite nayo kunyanja.

Pa mtundu, ine ndimaika patsogolo ya thabwa lalitali, monga Beaver Dam ya kuno ku Wisconsin, kapena HT Polar yomwe ndi yapulasitiki koma yomangidwa mofanana. Thabwa limalemera, mphepo siliseweretsa, komanso silisweka likagwa pa ayezi. Pulasitiki wotchipa kwambiri amauma kukazizira n'kuthyoka, makamaka pamene mukuizula itaundirira m'bowo. Ubwino wina waukulu wa mtundu umenewu ndi wakuti T ili poonekera. Mukamayandikira mbendera itadzuka, mumaona ngati ikuzungulira, mwaliwiro lotani, kapena yaima. Zimenezo ndi zimene zimakuuzani chochita.

aChisale: Mayi Nankhoma, ya thabwa ndi yabwinodi, koma musaiwale kuti imasiya bowo pamtunda. Kukazizira pansi pa -15, bowo limayala kachikhungu ka ayezi m'kanthawi kochepa, ndipo mphepo imakankhiramo chipale chofewa. Kachikhunguko sikaletsa spool kuzungulira, koma pike akadya, mumayamba mwaswa ayezi kuti muzule tip-up, ndipo phokoso ndi kugwedezako zimapangitsa nsomba kutaya nyambo. N'chifukwa chake ozungulira aja, monga Frabill Pro Thermal kapena HT Polar Therm, anthu ambiri amawakonda. Amavundikira bowo mpaka la mainchi 10, pansi pake pali thovu losunga kutentha, komanso amatchinga kuwala. M'madzi osaya a mamita 1 kapena 2, kumene achemwaliwa akawedze mu March, kuwala kolowa pabowo kumaoneka kwambiri pansi pa ayezi wokutidwa ndi chipale. Kunyamulanso n'kosavuta, amasanjikizana bwino m'chidebe cha magaloni 5.

Nankhoma: Zoona aChisale, koma zovuta zake muzitchulenso. Ozungulirawo ndi afupi, chipale chikamauluzika amakwiririka osaonekanso, ndipo oyendetsa snowmobile, njinga zamoto za pa chipale, amawaponda. Madzi akasefukira pamwamba pa ayezi masana n'kuundana madzulo, mbale yonse imamatirira, kuizula kumavuta kuposa thabwa. Ena mwa iwo spool yake ndi yaing'ono. Bowo la pansi pa thabwa munthu atha kulivundikira yekha. Dulani labala kapena thovu lakuda, lokhuthala masentimita 1 kapena 2, lozungulira masentimita 30 mpaka 35 m'mimba mwake. Boolani pakati poti kapaipi kadutse, n'kucheka mzere kuchoka pakatipo kufika m'mphepete kuti muzilowetsa cham'mbali. Lakuda limamwa dzuwa, bowo silitseka msanga. Mwapeza zabwino za mitundu yonse iwiri.

aChisale: Chivundikiro chodzipangira chimagwiradi ntchito, sindikana. Chongoti chimauluka ndi mphepo mukazula tip-up, ndiye muzichipsinja ndi bondo kapena chidebe.

aGama: Ndiwonjezeko za mitundu iwiri yotsalayo. Oimirira a mitengo yopingasa alipo awiri osafanana n'komwe. Alipo otchipa a timitengo topyapyala, amene kawaya kogwetsa mbendera kamadutsa poyera. Kawayako kamaundirira pa kachikhungu ka bowo, mbendera osadzuka ngakhale chingwe chitatha pa spool. Amenewo asiyeni. Ndiye alipo olimba ochokera ku Maine, monga Heritage Laker ndi Jack Traps, a spool yaikulu ndi mbendera yotalika. Kumene chipale chimafika m'mawondo, amenewa ndiwo amaoneka patali. Vuto lake, palibe chozungulira pamwamba, muyenera kusuzumira m'bowo kuti muone ngati spool ikuyenda.

Wina ndi wa mphepo, wotchedwa windlass. Uli ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kamene mphepo imakakankha, mkono n'kumakwera ndi kutsika, nyambo yakufa n'kumaoneka ngati ikuyenda. Koma spool yake ili pamtunda, chingwe chonyowa chimauma gwa kukazizira. Ndi chida cha masiku ofunda, pamene kwayandikira 0 ndipo kuli kamphepo. Musaugule poyambira.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndaona ma HT Polar alembedwa ena 200, ena 500. Kusiyana kwake n'kotani?

aPhiri: Ndi kutalika kwa chingwe chimene spool imanyamula, m'mafiti. Ya 200 ndi mamita pafupifupi 60, ya 500 ndi pafupifupi 150. Kwa pike tengani yaikuluyo, osati poti pike amathawa mamita 150, koma pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chingwe cha pike n'chonenepa, chimadzaza spool yaing'ono msanga. Chachiwiri, spool yotambalala imazungulira pang'onopang'ono ndipo imamasula chingwe mosavuta. Pike akathamanga ndi nyambo, spool yaing'ono imazungulira mwaliwiro kwambiri, nsomba ikaima mwadzidzidzi spool imapitirira, chingwe n'kupiringizana. Nsomba ikakokanso, chingwe chakodwa, mbedza imazuka. Pa chifukwa chomwecho, spool izikhala yodzaza bwino, koma musiye kampata kakang'ono m'mphepete kuti chingwe chisadumphe n'kukulunga kachitsulo.

Chingwe chake chikhale cholukana cha Dacron kapena nayiloni, chopirira kukoka kwa mapaundi 30 mpaka 50. Chokutidwa ndi pulasitiki wa vinyl sichimwa madzi ambiri, ndiye sichiuma msanga mukachiyala pa ayezi, ngakhale chimadya malo pa spool. Musaikepo braid, chingwe cholukana chopyapyala cha pa ndodo. Pa tip-up nsomba mumakoka ndi manja, ndipo braid imacheka zala zozizira mpaka magazi. Monofilament, chingwe cha ulusi umodzi wa nayiloni, nayo siyenera, imapotana ndipo siyioneka ikakhala pa chipale. Pokulunga, kulungani molimba ndi mofanana mbali zonse. Chokulungidwa molobodoka chimalowa pakati pa chinzake pike akakoka mwamphamvu.

aGama: Kumapeto kwa chingwe mangani swivel yolimba, kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana, kenako leader, kachingwe kakafupi kolimba komangapo mbedza. Apa ndinena mosapita m'mbali: ikani waya. Pike ali ndi thupi lalitali ngati ncheni wa ku Nyanja ya Malawi, koma kukamwa kwake n'kotambalala, mano akuthwa m'nsagwada ya pansi ndi timano tambirimbiri kumwamba toloza kukhosi. Waya wa timawaya 7 topotana, wa mapaundi 20 mpaka 30, wotalika masentimita 45 mpaka 60, ndi wofewa bwino ndipo saduka ndi mano. Akapindika ngati sipuling'i mutagwira nsomba, msinthireni pomwepo, chifukwa amadukira popindikapo. Wa titanium sapindika msanga koma ndi wodula.

aChisale: Achimwene aGama, m'madzi oyera kwambiri leader ya fluorocarbon, chingwe chosaoneka kwenikweni m'madzi, imagwira nsomba zambiri, makamaka m'nyanja zimene anthu amawedzamo tsiku ndi tsiku. Pike pansi pa ayezi amaima n'kumaiyang'ana nyambo nthawi yaitali. Chofunika n'kusatsika pansi pa mapaundi 50, ambiri amaika 60 kapena 80, kutalika masentimita 60 mpaka 90. Mukagwira nsomba iliyonse, yendetsani zala pa leader yonse. Mukamva pokhakhala, dulani mumangenso. Amene amadandaula kuti fluorocarbon imaduka nthawi zambiri amakhala anaika ya mapaundi 20.

aGama: Ya 60 imachedwa kuduka, koma imaduka ndithu ikalowa pakati pa mano pike akupukusa mutu pabowo. Ikaduka, nsomba imapita ndi mbedza ziwiri kukamwa, mwina kukafa nazo. Madzi a Lake of the Woods ndi oderako, waya saoneka kwenikweni. Kumeneko palibe chifukwa choikira nsomba pachiswe.

aChisale: Pa madzi oderawo ndavomera. Achemwali, ikani waya.

Nankhoma: Mbedza nazo tizikambe, chifukwa zikukhudza mmene mumasodzera. Kale anthu ankaika mbedza imodzi n'kudikira kuti pike athamange, aime, atembenuze nyambo, ameze, kenako n'kukoka. Njira imeneyo imakola nsomba m'mimba, ndipo yokoledwa m'mimba ngakhale muibweze m'madzi nthawi zambiri siikhala moyo. Ku Lake of the Woods pike yense wa mainchi 30 mpaka 40 ayenera kubwezedwa nthawi yomweyo, ndipo mwa 3 amene mumaloledwa kusunga, mmodzi yekha ndiye angapitirire mainchi 40. Ndiye nsomba zambiri zabwino mudzazibweza. Gwiritsani ntchito quick-strike rig, mbedza ziwiri za nsonga zitatu pa leader imodzi, saizi 4 kapena 6 pa nyambo ya masentimita 15 mpaka 20, saizi 2 pa yoposa pamenepo. Imodzi muikole pang'ono pakhungu pafupi ndi chipsepse cha pamsana, inayo kuseri kwa mutu. Nsonga imodzi yokha ilowe m'nyambo, ziwirizo zikhale poyera. Pike amagwira nyambo chopingasa, cha pakati, ndiye mbedza imodzi imakhala kale m'kamwa mwake. Palibe chodikira. Lamulo la Minnesota limati kuchoka pa mbedza yoyamba kufika pa yomaliza pasapitirire mainchi 9.

aGama: Kwa ena owerenga amene muli ku Canada, malamulo ndi osiyana chigawo ndi chigawo. Ku Manitoba mbedza zonse zikhale zopanda kaminga kobwerera m'mbuyo kaja, muzikaphwanya ndi pulayazi, zingwe ndi 2, mtunda mamita 50. Ku Ontario zingwe 2 m'madzi ambiri, mtunda mamita 60 ndipo muzizionera bwinobwino. Kuno ku Saskatchewan ndi mamita 25 okha, ndipo nsomba yamoyo siloledwa kukhala nyambo, chimodzimodzi ku Alberta. Ku America, ku North Dakota amalola zingwe 4 pa ayezi, ku Wisconsin 3. Kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho muzikawerenga musanagule zida, makamaka zida zokola zokha monga JawJacker, chifukwa si kulikonse kumene zimaloledwa.

Nabanda: Nanga mbendera yongodzuka popanda nsomba imayamba chifukwa chiyani? Ndawerenga anthu ambiri akudandaula zimenezi.

aPhiri: Zifukwa zake ndi ziwiri, mphepo ndi nyambo. Za mphepo, yang'anani kumene ikuchokera, mutembenuze tip-up kuti mphepo izikankhira waya wa mbendera m'kati, cha ku kachitsulo ka pakati, osati kunsonga kwa T. Mphepo ikasintha masana, zungulirani ma tip-up onse muwatembenuzenso.

Za nyambo, onani T bwinobwino. Pa ma tip-up ambiri mbali imodzi ndi yosalala, inayo ili ndi kamphako. Yosalala ndi ya nyambo yakufa kapena yaing'ono, imamasuka ndi kukoka kochepa. Ya kamphako ndi ya nyambo yamoyo yamphamvu, monga nsomba yotchedwa sucker wa masentimita 18 kapena 20. Akamagwetsabe mbendera, dulaniko pang'ono chipsepse cha kumchira ndi lumo kuti mphamvu ichepe, ndipo ikani mtovu wokwanira masentimita 30 mpaka 45 pamwamba pake kuti asakwere n'kukulunga chingwe pa spool. Koma musalimbitse mopitirira. Mbendera yodzuka pachabe imangokutayitsani nthawi, pamene yolimba kwambiri imakutayitsani nsomba inu osadziwa. Komanso nyambo ikayamba kupalapata n'kugwetsa mbendera kawirikawiri pabowo limodzi, nthawi zina ndi poti pike ali pafupi akuiyang'ana. Bowo limenelo musalisiye.

aGama: M'mwezi wa March nyambo yakufa ndiyo imagwira akuluakulu. Pike amaswana ayezi akangosungunuka, m'madambo osefukira ndi m'magombe osaya, ndiye kumapeto kwa nyengo yozizira aakazi akuluakulu amayandikira kukamwa kwa mitsinje ndi magombe monga Zippel Bay. Amatola nsomba zofa zokha, safuna zothamangitsa. Nsomba za smelt, cisco kapena herring za masentimita 18 mpaka 25 zimachita bwino chifukwa cha mafuta ndi fungo. Zikakhala zoundana, zisungunuke kaye pang'ono, muboole kathumba ka mpweya m'mimba n'kufinya, apo ayi nyambo imayandama chagada. Ikapendekekabe, lowetsani msomali waung'ono m'mimba mpaka igone chopingasa ngati nsomba yamoyo. Yesani m'bowo mukuiona musanaitsitse. Ku Minnesota smelt ndi cisco zili ndi malamulo ake chifukwa cha matenda a nsomba a VHS, choncho gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo chikalata cha papaketi musataye.

Kuya kwake, pimani ndi mtovu wopanira pa mbedza, mukweze nyambo masentimita 30 mpaka 60 kuchoka pansi kapena pamwamba pa udzu wa m'madzi. Poti muli ndi zingwe 2, chinacho muike nyambo theka la mita pansi pa ayezi. Maso a pike ali chakumwamba kwa mutu, amaona bwino zimene zili pamwamba pake. Lowetsani batani la malaya pa chingwe, chidutse m'mabowo ake awiri, kuti likhale chizindikiro cha kuya. Mukagwira nsomba mumangokulunga mpaka batani lifike pa spool, osapimanso. Batani likasowa mbendera itadzuka, mwadziwa kuti chingwe chatengedwadi.

Nankhoma: Bowo likhale la mainchi 10. La 8 limakwana pike wamba, koma mu March ayezi wa kumeneko amatha kukhuthala kuyandikira mita, mpaka auger yoboolera ayezi kufuna chowonjezera kutalika, ndipo kutembenuzira mutu wa nsomba yaitali m'bowo lakuya chotero n'kovuta likakhala lopapatiza. Onetsetsani kuti thabwa la tip-up ndi lalitali kuposa bowo ndi mpata wokwanira mbali zonse. Ana akakhalapo, mabowo otere muziwaika chizindikiro, mwendo umalowa wonse.

Mbendera ikadzuka, yendani mofulumira koma mapazi omaliza mufewetse, m'madzi osaya nsomba imamva kugunda kwa nsapato. T ikamazungulira, zulani tip-up mowongoka, muigoneke kumbali, mugwire chingwe chizidutsa m'zala, kenako mukoke kamodzi mwachidule ndi mkono, osati kutukula mpaka kumutu. T ikakhala itaima, kokani pang'onopang'ono mpaka mumve kulemera, ndiye mukole. Chingwe musachikulunge pa zala kapena padzanja. Pike akaona bowo amathawanso kawiri kapena katatu, mulekeni chingwe chiziterereka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chimene mwakoka muzichiponya kumene mphepo ikulowera, motayana, pamalo opanda zibuma za ayezi, kuti chikamabwerera chisakodwe. Dziwaninso kuti spool yonyowa ikakhala pamtunda imaundana m'mphindi zochepa, ndiye musadalire kuti ipitiriza kumasula chingwe. Mukakhala awiri, mnzanu aigwirire m'manja azimasula yekha.

aPhiri: Pulayazi yaitali, chokanulira kukamwa ndi chodulira mbedza zikhale m'thumba la jekete, osati m'sled yokokera katundu patali. Kukazizira kwambiri maso ndi makha a nsomba zimaundana msanga, choncho yoti ibwezedwe muichotse mbedza mutu uli pabowo pomwepo, musaigoneke pa chipale. Poibweza, ilowetseni chamutu, mugwire mchira mpaka ikankhe yokha.

Za ayezi, a DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, amati woyendapo ndi mapazi ayambire mainchi 4, masentimita 10, wakuda woonekera, ndipo woyera wa chipale mphamvu yake ndi theka. Koma March ndi wosiyana. Kukamwa kwa mitsinje kumene pike akusonkhana ndi kumenenso madzi oyenda amadya ayezi chapansi, ndipo wa kumapeto kwa nyengo amatha kukhala wokhuthala koma wowola. Funsani a pagombe tsiku lomwelo, muyende ndi chitsulo chogogodera ayezi poyesa kulimba kwake, zokolera ayezi zodzitulutsira mukagwera m'madzi zili m'khosi.

Nabanda: Ndamva bwino. Ndigula 2 a thabwa a spool yaikulu, ndidula zivundikiro, chingwe cha mapaundi 40 ndi waya. Funso lomaliza, girisi uja amasinthidwa bwanji, nanga liti?

aChisale: Kamodzi pa chaka nyengo isanayambe, kapena mukaona kuti girisi wotuluka kumapeto kwa paipi wayera ngati mkaka, kusonyeza kuti madzi alowa. Madziwo ndi amene amaundana m'chigawo cha paipi chimene chili pamtunda. Pa mtundu wa HT Polar, masulani T pamwamba, musolole kachitsulo chakumunsi pamodzi ndi spool, mupukute, mutsuke m'paipi ndi kansalu kokankha ndi waya, ziume. Dzazani paipi ndi girisi wopangira kuzizira, amene amagulitsidwa pamodzi ndi zida zowedzera pa ayezi, mubwezere kachitsulo pang'onopang'ono mpaka girisi atulukire kumapeto, chifukwa mpata uliwonse wotsala ndi polowera madzi. Girisi wa galimoto amalimba kukazizira, ndipo mafuta opopera a WD-40 amangosungunula girisi amene alimo n'kusiya paipi youma. Ma Beaver Dam akale zitsulo zake n'zomatidwa ndi solda, kumasula kwake kumafuna moto, ndiye funsani m'sitolo mmene yanuyo imatsegukira musanalipire.

Nankhoma: Ndipo mukabwera kunyanja, musawasiye m'chidebe chotseka. Ayaleni aume, chingwe chonyowa chimaola ndipo mbedza zimachita dzimbiri. Ma leader muwachotse, muwakulunge pa kathovu padera. Ma tip-up muwasunge chogoneka pamalo osatentha, chifukwa m'galaja yotentha ya mu July girisi amasungunuka n'kutsikira kumapeto kwa paipi akakhala choimirira. Thabwa likayamba kukhakhala, lipaleni ndi sandipepa mulipake vanishi, kuti lisamamwe madzi n'kumatirira pa ayezi.